Mchere ukasowa m'madzi, sikuti wachoka

Thirani supuni ya mchenga m'kapu ya madzi n'kutakasa. M'kapu ina thiranimo supuni ya mchere, mutakasenso chimodzimodzi. Pakangotha mphindi zingapo mchenga uja muupeza wadikha pansi, uli monga momwe munauthirira, pomwe mchere simuuonanso. Madzi ake ali mbee. Koma lawani, lilime likuuzani kuti mchere ulimo wonse. Sikelo nayo inganene zomwezo, pakuti magalamu 200 a madzi mukathiramo magalamu 10 a mchere, zonse pamodzi zimalemera magalamu 210, osaperewera ngakhale pang'ono.

M'makapu onse awiri muli zinthu zosakanizika, koma kusakanizika kwake n'kosiyana, ndipo nkhani yake siyithera pa mayeso a sayansi kusekondale. Ndi kusiyana kumeneku komwe kumachititsa kuti chitenje chisefe matope koma chilephere kuchotsa mchere m'madzi a pamjigo, kuti paketi ya Thanzi ifune lita imodzi yeniyeni osati kapu iliyonse yomwe yapezeka pafupi, ndiponso kuti madzi oyera bwino m'maso adetse mano a ana m'mudzi wonse.

Padziko pano chinthu chokhala pachokha, chopanda china chilichonse m'kati mwake, n'chosowa kwambiri. Mpweya womwe tikupumawu ndi wosakanizika: magawo 78 pa 100 aliwonse ndi nayitirojeni, magawo 21 ndi okosijeni, gawo limodzi lotsalalo agawana mipweya ina ing'onoing'ono. Dothi, magazi, petulo, ufa wa mgaiwa, zonsezi ndi zosakanizika. Ngakhale madzi a mvula, omwe timawayesa oyera kwambiri, amafika pansi atatola kale mpweya ndi fumbi m'mlengalenga.

Kusakaniza kusasokonezedwe ndi kugwirana kwa zinthu komwe kumabala chinthu chatsopano. Mchere wa m'ndiwowu unapangika kuchokera ku zinthu ziwiri zoopsa. China ndi sodiyamu, chitsulo chofewa chodulika ndi mpeni chomwe chimathetheka chikagwera m'madzi. Chinacho ndi klorini, mpweya wotsamwitsa womwe anaphera asilikali ku Ypres mu 1915, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ziwirizi zikagwirana, khalidwe lawo lakale limatheratu, ndipo zimagwirana pa mlingo umodzi wokha: atomu imodzi (kachigawo kochepetsetsa) ya sodiyamu pa atomu imodzi ya klorini. Zosakaniza sizitero. Chilichonse chimasunga khalidwe lake, mlingo mumasankha nokha, ndipo mukhoza kuzilekanitsanso osasintha chilichonse mwa izo. Nyemba zosakanizika ndi miyala zikadali nyemba.

Kulekanitsako ndi ntchito yomwe amayi amagwira tsiku ndi tsiku popanda kuitcha sayansi. Wopeta mphale amadalira kuti gaga ndi wopepuka kuposa mphale, ndiye lichero likamakupiza, chopepuka chimathawira kutsogolo. Wosefa ufa amadalira kukula kwa timibulu: tochepa timadutsa pa sefa, misere imatsala. Wosankha mpunga amadalira maso. Kumalo opangira zakudya amaika maginito kuti agwire tizitsulo tomwe tingalowe mu ufa. Njira iliyonse imafunafuna pamene zinthu ziwirizo zasiyana, n'kugwira pomwepo. Vuto limayamba timibulu tikachepa kwambiri.

Madzi a mumtsinje nthawi ya dzinja amakhala psuu chifukwa cha tinthu ta dothi toyandama. Tinthuti ndi tatikulu ndithu moti mukatunga m'ndowa n'kusiya usiku wonse, tambiri timadikha pansi, m'mawa mukhoza kutsanulira madzi a pamwamba m'chiwiya china. Thobwa naye amatero akakhalitsa, n'chifukwa chake wogulitsa amagwedeza botolo asanakupatseni. Pa mankhwala ena a ana, monga amoxicillin wothira madzi uja, amalemba kuti gwedezani botolo musanamwetse, ndipo awa si mawu okongoletsera. Ufa wa mankhwalawo susungunuka wonse, umangoyandama n'kudikha. Mayi akaiwala kugwedeza, masiku oyamba mwana amamwa madzi ozuna opanda mphamvu yokwanira, masiku omaliza n'kumwa mankhwala opyola muyeso.

Pali gulu lina lapakati. Mkaka mungausiye patebulo, koma simudzapeza kuyera kwake kutadikha pansi madzi n'kutsala pamwamba, pokhapokha utasasa. Muli timadontho ta mafuta ndi tizidutswa ta mapuloteni tochepetsetsa moti sitimira, timadutsanso pa nsalu, komabe sitinasungunuke. Mukafuna kudzionera nokha, donthezani mkaka pang'ono m'tambula ya madzi, muzimitse nyali, muunikire ndi tochi kuchokera m'mbali. Muona mzere wa kuwala ukudutsa m'madzimo, chifukwa tinthu tija tikumwaza kuwalako. Chitani zomwezo ndi madzi a mchere, mzerewo simuuona. Wasayansi wa ku Ireland, John Tyndall, ndiye anafufuza zimenezi m'zaka za m'ma 1800. Dothi la makande lofewetsetsa limakhala m'gulu limeneli, ndipo ndilo limachititsa kuti madzi a zitsime zina akhalebe otuwa ngakhale mutawadikhitsa masiku angapo. Tinthu take tili ndi mphamvu ya magetsi yofanana, choncho timakankhana m'malo mogwirana n'kumira.

Kumalo oyeretsera madzi a m'mipope amathana nalo vutoli pothira mankhwala otchedwa alamu. Mankhwalawa amathetsa kukankhana kuja, tinthu ta dothi timayamba kumamatirana n'kupanga timibulu tolemera, timadikha, kenako madzi amadutsa mu mchenga wosefera. Madzi ambiri omwe anthu a ku Blantyre amamwa amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo aliyense amene anaonapo Shire mu Januwale angamvetse kukula kwa ntchitoyo. Njere za chammwamba zosinja zimagwira ntchito yofananayo, moti akatswiri anaziyesapo pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Koma tisanamizane, madzi oyeretsedwa ndi chammwamba angooneka bwino. Tizilombo toyambitsa matenda sitinathe tonse.

Nanga mchere uja umapita kuti? Yankho lili m'kapangidwe ka madzi. Kachigawo kochepetsetsa ka madzi, komwe amati molekyu, kali ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi maatomu awiri a haidirojeni, ndipo n'kopindika. Mbali ya okosijeni ili ndi mphamvu pang'ono ya magetsi ya negetivi, mbali ya haidirojeni ili ndi ya pozitivi. Mbulu wa mchere nawo ndi mizere ya sodiyamu wa pozitivi ndi klorini wa negetivi zogwirana mwadongosolo. Mbuluwo ukagwera m'madzi, mamolekyu amauzinga. Ena amakoka sodiyamu, ena amakoka klorini, kuyambira m'mphepete, monga nyerere zimathera chidutswa cha mkate, mpaka mbulu wonse utatha. Kachigawo kalikonse kochotsedwako kamakhala kozunguliridwa ndi madzi, kosatha kubwerera kwa anzake, ndipo tonse timafalikira mofanana m'kapu monse. Mukalawa pamwamba kapena pansi, kukoma n'kumodzi. Ichi ndicho chizindikiro cha chinthu chosungunuka: sichidikha, sichisefeka, sichioneka.

Mfundo yakuti mchere umagawikana motere m'madzi anaitulutsa ndi Svante Arrhenius wa ku Sweden mu 1884, ali wophunzira. Aphunzitsi ake ku Uppsala sanakhutire nayo, anangomukhozetsa mwa apo ndi apo. Mu 1903 mfundo yomweyo inamupatsa mphoto ya Nobel. Tizigawo ta magetsi timeneti, totchedwa maayoni, ndi tomwe timachititsa kuti magetsi adutse m'madzi. Madzi opanda kalikonse sadutsitsa magetsi kwenikweni, koma madzi otero m'nyumba mulibe, ndipo thukuta la m'manja mwathu lili ndi mchere. Shuga amasungunuka mosiyana pang'ono. Mamolekyu ake amalekana koma sagawikana kukhala maayoni, motero madzi a shuga sadutsitsa magetsi monga a mchere.

Mafuta ophikira alibe mbali za magetsi zomwe madzi angagwire, n'chifukwa chake mungagwedeze botolo mpaka mkono kuwawa, mukangosiya mafuta abwerera pamwamba. Mafuta amasungunuka mwa anzawo. Makaniko amasamba girizi ndi palafini, wopenta amatsuka bulashi ndi thina. Sopo ndi mkhalapakati: molekyu yake ili ndi mchira wokonda mafuta ndi mutu wokonda madzi, ndiye michira imalowa m'dontho la mafuta, mitu n'kutsala kunja, madzi n'kunyamula zonse. Mavitamini ena, monga A, amasungunukanso m'mafuta osati m'madzi. Ndiwo zamasamba zotendera kapena zothira timafuta pang'ono zimapindulitsa thupi kuposa zongofwafwaza.

Chidulo ndi chitsanzo chomwe ndimaona kuti aphunzitsi a sayansi sachigwiritsa ntchito mokwanira, pomwe muli phunziro lathunthu. Agogo amatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba mpaka kusanduka phulusa. Phulusalo amaliika m'chitini choboola timabowo pansi, nthawi zina atayalamo kaudzu, n'kuchikhazika pamwamba pa mbale. Akathira madzi pang'onopang'ono, pansi pamayamba kudontha madzi ofiirira, oterera m'zala. Chachitika n'chakuti m'phulusa muli zinthu zamitundu iwiri, zosungunuka ndi zosasungunuka. Madzi atenga zosungunukazo, makamaka mchere wa potaziyamu, n'kudutsa nazo, makala ndi zina zonse n'kutsala m'chitini. Madontho oyamba ndi amphamvu kwambiri, otsiriza amakhala ngati madzi chabe chifukwa zosungunuka zatha. Agogo amadziwa polekezera pongolawa ndi nsonga ya lilime. Kufulula tiyi kapena khofi ndi ntchito yomweyi.

Madzi ali ndi malire. Pitirizani kuthira mchere m'kapu ija, ifika nthawi yoti wina uzingokhala pansi ngakhale mutatakasa motani. Pa kutentha kwa m'nyumba, mamililita 100 a madzi amalandira magalamu pafupifupi 36 a mchere, basi. Shuga amalowa wambiri zedi, magalamu pafupifupi 200 m'madzi omwewo, ndipo madziwo akawira amalandira kuposa magalamu 400. Mchere suusamala moto kwenikweni, m'madzi owira umangokwera kufika pa magalamu 39. Kutakasa ndi kusinja kumafulumizitsa kusungunuka koma sikusuntha malirewo.

Malire amenewa ndiwo amatipatsa shuga wa m'paketi. Ku Nchalo ndi ku Dwangwa amafinya nzimbe, amayeretsa madzi ake, n'kuwawiritsa kuti madzi achoke ngati nthunzi. Shuga sauluka ndi nthunziyo, amatsala m'madzi omwe akucheperachepera, mpaka madziwo atalephera kumusunga yense. Pamenepo timibulu timayamba kuumbika, ndipo makina ozungulira mwaliwiro amatilekanitsa ndi manyuchi akuda aja otchedwa molasesi. Mchere wa kunyanja ya mchere amaupanga mofananamo, kungoti moto wake ndi dzuwa. Nyanja ya Chilwa imachita zomwezi payokha. Mitsinje imathiramo madzi okhala ndi timchere tochepa tochokera m'miyala, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi amachoka pouluka, mchere umatsala, ndiye madzi ake amamveka mchere, makamaka nyanjayo ikamaphwa monga inachitira mu 1995. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira, Shire amatenga mchere n'kupita nawo ku Zambezi.

Mpweya nawo umasungunuka m'madzi, koma umachita zosemphana ndi shuga: madzi akatentha, umathawa. Nsomba zimapuma okosijeni wosungunuka, ndipo m'damu la nsomba losaya, nyengo yotentha ya mu Okutobala, okosijeniyo amachepa. Amachepanso kwambiri m'bandakucha, ndere zitamugwiritsa ntchito usiku wonse, n'chifukwa chake alimi amapeza nsomba zikupumira pamwamba nthawi imeneyo. M'nyanja ya Malawi, yomwe pena ndi yakuya mamita 700, madzi a pansi sasakanizika ndi a pamwamba, moti mukatsika kupitirira mamita 250 mulibe okosijeni, nsomba sizikhalako. Chinanso chomwe chimakankhira mpweya m'madzi ndi kupanikiza. M'botolo la zoziziritsa kukhosi anapanikiziramo mpweya wa kaboni dayokisaidi. Mukatsegula, kupanikizako kumatha, mpweya umatuluka ngati thovu, ndipo botolo lotentha limafufuma kwambiri kuposa lochokera mu fuliji. Zimenezi zinachitikapo pa nyanja yathunthu. Usiku wa pa 21 Ogasiti 1986, nyanja ya Nyos ku Cameroon, yomwe ili pakamwa pa phiri lophulika lakale, inatulutsa mwadzidzidzi mpweya womwe unadzaza m'madzi ake akuya kwa zaka zambiri. Mpweyawo ndi wolemera kuposa womwe timapuma, choncho unatsetsereka m'zigwa n'kupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zikwizikwi, ambiri ali m'tulo. Kuyambira mu 2001 anaikamo mapaipi otulutsa mpweyawo pang'onopang'ono.

Koma mbali yomwe imatikhudza kwambiri ndi ya mlingo, kuti chosungunukacho chilimo chochuluka bwanji pa lita iliyonse. Pa zinthu zomwe taziona ndi maso, kuchuluka kwake timakuona. Pa zosungunuka maso sathandiza. Madzi a mchere wochepa ndi a mchere wambiri amaoneka chimodzimodzi, koma thupi limawalandira mosiyana kotheratu.

Dulani nkhaka kapena tomato, muwaze mchere, mudikire pang'ono. Mupeza m'mbale muli madzi. Thupi la chamoyo chilichonse linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo khungu la selo iliyonse limalola madzi kudutsa mosavuta koma limatchinga zambiri zosungunuka, ndipo madzi amayenda kuchoka kumene zosungunuka zili zochepa kupita kumene zachuluka. Mchere wowaza uja wakoka madzi m'nkhaka. Ndi mmene mchere umasungira nsomba ndi nyama, pakuti tizilombo toolesa timauma. Ndi mmenenso feteleza wothiridwa mogundana ndi phesi, nthaka ili youma, amawaulira chimanga m'malo mochidyetsa. Madzi a m'magazi mwathu ali ndi mphamvu yofanana ndi magalamu 9 a mchere pa lita, ndipo dilipi wamba wa kuchipatala amapangidwa pa mlingo umenewo ndendende. Atati akuikeni madzi opanda mchere mumtsempha, maselo a magazi angafufume n'kuphulika. Madzi a m'nyanja ya mchere ali ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, motero munthu wowamwa ludzu limangokulirakulira, chifukwa impso zimataya madzi ambiri pochotsa mcherewo kuposa omwe wamwa.

Apa ndi pomwe pagona nkhani ya Thanzi. Chomwe chimapha munthu wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Wamkulu wodwalika akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Kumumwetsa madzi okha sikukwanira, ngakhale madzi a mchere okha salowa bwino, chifukwa matumbo akungotulutsa. Mu 1960, wasayansi wa ku America Robert Crane anafotokoza kuti m'khoma la matumbo muli tizipata tomwe timalowetsa sodiyamu pokhapokha atabwera limodzi ndi shuga wa gulukosi, ndipo ziwirizi zikalowa, madzi amatsatira. Kenako kunapezeka kuti poizoni wa kolera satseka tizipata timeneti. Mu 1971, pa nkhondo yomwe inabala dziko la Bangladesh, kolera anabuka pakati pa othawa kwawo ku Bangaon, m'malire a India. Madilipi anachepa. Dokotala Dilip Mahalanabis anasakaniza mchere, soda ndi gulukosi m'migolo ya madzi, n'kuuza achibale a odwala kuti azimwetsa okha ndi makapu. Imfa zinatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 30 pa 100 aliwonse kufika pochepera 4. M'zaka za m'ma 1980 bungwe la BRAC linayenda khomo ndi khomo m'dziko la Bangladesh kuphunzitsa amayi mamiliyoni kapangidwe kake, ndipo chomwe ankalimbikira kwambiri chinali muyeso.

Paketi ya masiku ano, potsatira mlingo womwe mabungwe a WHO ndi UNICEF anakhazikitsa mu 2002, ili ndi magalamu 13.5 a gulukosi, 2.6 a mchere wamba, 1.5 a mchere wa potaziyamu ndi 2.9 a mchere wina wothandiza kuchepetsa asidi m'magazi. Zonsezi anaziyezera lita imodzi. Mlingo wa 2002 ndi wosukulukirapo kuposa wakale, ndipo anachita dala, atapeza kuti ana amasanza mochepa ndi kutsegula mochepa madziwo akakhala opepukirapo kuposa magazi. Tsono taganizani zomwe zimachitika mayi akathira paketi yonse m'kapu imodzi, poganiza kuti mankhwala akhale amphamvu, kapena poona kuti mwana sangamalize lita. Madziwo amakhala ndi mchere ndi shuga wochuluka kanayi. Akafika m'matumbo amachita zomwe mchere unachita pa nkhaka, amakoka madzi kuchokera m'thupi la mwana, kutsegula m'mimba n'kukula. Mchere wochuluka m'magazi a khanda ukhoza kumukomola. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo nazo n'zosayenera pa chifukwa chomwechi: zili ndi shuga pafupifupi magalamu 100 pa lita, mchere mulibe kwenikweni.

Chizolowezi chathu chothira mwa maso n'chabwino pa ndiwo, pomwe mchere ukawawa timangoonjezera madzi. Pa izi n'choopsa. Ngati paketi palibe, malangizo odziwika ndi masupuni 6 a tiyi a shuga, osatumphuka, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi otetezedwa. Lita mungaiyeze ndi botolo la mamililita 500, kawiri. Zikatha maola 24 zotsalazo tayani mupange zina, pakuti madzi a shuga amakomeranso tizilombo. Ndipo wodwala yemwe akusanza chilichonse, kapena wafookeratu, malo ake ndi kuchipatala.

Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'Malawi unaphunzitsa ambiri dzina la klorini. Nayenso nkhani yake ndi mlingo. Ufa wa HTH womwe alangizi a zaumoyo amalandira ndi wamphamvu kwambiri, magawo pafupifupi 65 mpaka 70 pa 100 ndi klorini, ndipo suthiridwa mwachindunji m'madzi akumwa. Amayamba ausungunula kuti apange madzi a klorini a gawo limodzi pa 100, ndipo ndi amenewa omwe amagawa m'mabotolo kuti anthu azithira pang'ono m'ndowa. WaterGuard ndi klorini wosungunula kale, woyezera pa chitsekerero cha botolo lake m'ndowa ya malita 20. Cholinga n'chakuti pakatha mphindi 30, m'madzimo mutsale klorini pafupifupi theka la miligalamu pa lita, wokwanira kupha tizilombo tomwe tingalowe pambuyo pake. Mukachepetsa, tizilombo timapulumuka. Mukachulutsa, madzi amanunkha, ana amawakana n'kukamwa kumtsinje. Madzi amatope amadya klorini asanafike pa tizilombo, choncho ayambe adikha ndi kusefedwa. Botolo la klorini losiyidwa padzuwa kapena losatseka limatha mphamvu, ngakhale likuonekabe lodzaza.

Nanga chosungunuka chingachotsedwe bwanji, poti sefa yalephera? Njira yakale ndi kuwiritsa n'kugwira nthunzi. Otcheza kachasu amaidziwa bwino. Mowa umawira pa madigiri 78, madzi pa madigiri 100, ndiye mtsuko ukatentha, nthunzi yoyamba imakhala ndi mowa wambiri kuposa madzi. Nthunziyo imadutsa mumpope woviikidwa m'madzi ozizira, n'kusandukanso madontho. Botolo loyamba ndi laukali, otsatira amanka nasukuluka. Kutcheza sikulekanitsa kotheratu, ngakhale kufakitale mowa umalekera pa magawo 96 pa 100 pokhapokha atagwiritsa ntchito njira zina. Mafakitale a ethanolo, dzina la sayansi la mowa womwewu, ku Dwangwa ndi ku Chikwawa amatcheza molasesi uja, ndipo ethanoloyo amasakanizidwa ndi petulo. Choopsa pa mowa wosadziwika kochokera ndi methanolo, mowa wina wapoizoni, yemwe amasakanizika ndi mowa osasiya chizindikiro cha mtundu kapena fungo lomwe womwa angalizindikire. Wochepa chabe amachititsa khungu, wochulukirapo amapha.

Kuwiritsa madzi akumwa kunyumba n'kosiyana ndi kutcheza, ndipo apa ambiri amasokonezeka. Pophitsa madzi timataya nthunzi n'kusunga zotsala. Tizilombo timafa, izi n'zoona ndipo n'zofunika. Koma mchere ndi zina zosungunuka sizichoka, zimangochulukirapo pa lita popeza madzi ena auluka. Zoyera zomwe zimamatirira m'ketulo ndi laimu yemwe anali wosungunuka m'madzi a pamjigo, yemweyo amene amachititsa sopo kukana kuchita thovu. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere moti anthu amaisiya n'kubwerera kumtsinje, ndipo palibe chitenje, klorini kapena moto womwe ungakonze madzi amenewo.

Mcherewo umamveka pakamwa, anthu amadziwa. Fuloraidi samveka. Amachokera m'miyala ya pansi pa nthaka, ndipo akakhala wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amamuika m'mankhwala otsukira mano. Akapitirira miligalamu 1.5 pa lita, malire omwe bungwe la WHO linaika, mano a ana omwe akukula amayamba mawanga oyera, kenako ofiirira osachoka ndi mswachi, ndipo akachuluka kwambiri kwa zaka zambiri amaumitsa mafupa ndi mfundo. Kafukufuku anapeza fuloraidi wopyola malirewa m'mijigo ina ya ku Nathenje m'boma la Lilongwe ndi m'madera ena a kumwera. Mijigo iwiri yotalikirana pang'ono ikhoza kusiyana kwambiri, malinga ndi miyala yomwe madzi adutsamo, motero njira yodziwira ndi kutenga madzi a mjigo uliwonse kukayezetsa. Kumene wapezeka wochuluka, maiko monga Kenya ndi Tanzania amasefa madzi m'makala a mafupa a ng'ombe, omwe amagwira fuloraidi pamene madzi akudutsa. Makalawo amakhuta pakapita nthawi ndipo amafunika kusinthidwa. Njira ina ndi kusungira ana aang'ono madzi a mvula kapena a chitsime china choyezedwa, makamaka asanakwanitse zaka 8, pomwe mano achikulire akadali kuumbika m'nkhama.